Botolo la a Bizeki ndi Chitsime cha Mchere

A Bizeki tawaika sabata yatha, dzuwa likuswa mtengo. Abusa anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Nsanje, ndipo kumanda analalikira kuti malemuwa anali munthu wa chikhulupiriro chosagwedezeka, amene pemphero lawo linasandutsa madzi amchere kukhala okoma. Amayi a mpingo anati ameni. Ine ndinatsokomola mpaka amalume ananditsina m'nthiti. Chifuwa ndinalibe. Kungoti madziwo ndinawasandutsa ndine, ndipo munthu yekhayo amene anakhulupirira zimenezo ndi amene anagona m'bokosimo.

Kwa inu amene simunawaone, anali nkhalamba yaitali, yowonda ngati bango, makutu aakulu oti dzuwa limawalira. Anafika kuno ku Chiromo ali kumsana kwa amayi awo kuchokera tsidya la Mozambique, ndipo ukulu wawo wonse anapopa madzi omwetsa sitima zamalasha. Atapuma ntchito anakhala mkulu wa mpingo, malo awo pa benchi ya kutsogolo, pafupi ndi zenera pomwe pamalowa kamphepo. Benchi imeneyo ankainyadira kuposa jekete lawo. Ankayankhula Chimang'anja bwinobwino, koma akadabwa kapena akapsa mtima Chisena chinkangotuluka chokha. Ine ankanditchula a Sekondale, ulemu wake wonyoza uja, chiyambire tsiku limene ndinasankhidwa kupita kusekondale.

Matenda awo anali oyesa zinthu. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti ukaloza dzungu laling'ono ndi chala limawola. Ena amakhulupirira, ena amaseka, koma a Bizeki anadzala mizere iwiri ya maungu kudimba. M'mawa uliwonse ankayenda mu mzere umodzi akuloza ngati ahedi akutola ochedwa: "Iwe. Iwe. Nawenso iwe usabisale." Mzere winawo ankaudutsa manja ali kumbuyo. Maungu asanakhwime kunabwera mvuu, n'kudya mizere yonse. Anthu anaseka mwezi wathunthu. Iwo anangoti mvuu yasokoneza mlandu, ndipo chaka chotsatira anadzalanso, nazinga ndi minga. Owola anawola uku ndi uku mofanana. Kuyambira pamenepo ana a m'mudzi muno timaloza maungu mmene tifunira.

Chaka china anatola mwana wa kadzidzi n'kumulera m'khitchini mwawo, kuti aone amene afe pakhomopo. Anansi anasiya kudzapala moto. Panafa makoswe okha.

Mukawafunsa chifukwa, yankho linali limodzimodzi. Ankati Mulungu ndi mmodzi, ndipo si chidakwa choti m'mawa chinene izi madzulo chinene zina. Lamulo limene anaika pa dzungu la ku Chiromo ndi lomwelo pa dzungu la ku Beira. Ndiye munthu ukhoza kumufunsa funso ndi manja ako, n'kudikira yankho, ndipo ukafunsanso mawa yankho silisintha. Ankati dziko likanakhala ndi eni ambiri, wina wa mvula, wina wa mtsinje, wina wa nthomba, aliyense ndi mkwiyo wake, bwenzi palibe chophunzira, ukanangokhalira kupepesa.

Amene sankalola kuti mawu amenewa agone anali mlongo wawo wamkulu, a Ntsai. Iwo m'tchalitchi sanalowemo chibadwire. Ali ndi kachisi kuseri kwa nyumba, ndipo mvula ikachedwa amasonkha nawo mapira opita kukachisi wamkulu wa ku Khulubvi. Awiriwa ankakumana masana alionse pansi pa mtengo wa nimu, wina ndi mphasa wina ndi kampando, ndipo ife ana tinkapita kukamvera ngati mpira wa pa wailesi.

"Bizeki iwe, wakuuza ndani kuti ife tili ndi milungu yambiri? Mulungu ndi yemweyo. Koma mfumu yaikulu siyenda yokha m'midzi, ili ndi anyakwawa ake. Dambo ili lili ndi khalidwe lake, dambo ilo lake. Ife timayang'ana malo alionse paokha. Inu mumangoti Mulungu, Mulungu, maso mutatseka."

"Alongo, anyakwawa anuwo munawafunsapo funso n'kuyankha kawiri mofanana?"

"Nanga wakoyo unamufunsapo? Maungu okha ndiwo uli nawo mphamvu. Lima theka la munda tsiku la Sabata, theka linalo Lolemba, tione chimanga chotembereredwa."

"Nkhabe!" anakana m'Chisena.

"Ona, wathawa. Pempherera mzere umodzi, winawo usaupempherere."

"Nkhabe, nkhabe. Zimenezo ndi zina."

Apa ndi pamene ankathera a Bizeki nthawi zonse, ndipo ine zinkandisangalatsa kwambiri. Munthu amene analera kadzidzi anali ndi mpanda wake umene sankaudumpha. Tsiku lina a Ntsai anawonjeza nkhuni. Anati kumene kuli mfumu imodzi yokha anthu sazolowera kufunsa mafunso, amangowomba m'manja. Aliyense anatembenuka kuyang'ana kunjira ngati kukubwera anyamata ofunsa makadi a chipani. A Bizeki anakweza mawu kuti amve ndi a patali omwe: "Akunenatu za kumwamba awa!" A Ntsai anafwenthera fodya wawo n'kuti, "Nanga ndinena za kuti?"

Ndili Fomu 1 ndinawabweretsera mawu a aphunzitsi athu a sayansi, oti tchalitchi ndi sayansi ndi mphaka ndi khoswe, ndipo kale kwa Azungu ansembe ankatsekera anthu chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Anandifunsa kaye mmene anthuwo anadziwira, mpaka ndinajambula pansi ndi kamtengo zimene ndinalibe nazo chitsimikizo. Kenako anati ndikawafunse aphunzitsi funso ili: akaponya mwala m'mwamba lero n'kugwa, wawalonjeza ndani kuti mawa ugwanso? Ndinakafunsadi. Ndinapatsidwa chibalo chosesa labu.

Tsono za chitsime. Mkazi wa a Bizeki anagwidwa ndi ng'ona padooko ine ndili wamng'ono, ndowa ili m'manja. Anapeza chitenje chokha. Kuchokera pamenepo nkhalambayo inaumirira mpingo kuti ukumbe chitsime kuseri kwa tchalitchi, kuti amayi asiye kupita ku Shire. A Ntsai anachenjeza kuti dothi la pamenepo limatuwa mchere m'chilimwe, koma ndani akanamvera munthu wa kachisi pa nkhani ya tchalitchi? Anakumba, anamanga ndi njerwa, madzi anatuluka ambiri. Wolawa woyamba analavula. Sopo sankachita thovu, nyemba sizinkapsa, mbuzi zinkanunkhiza n'kubwerera. Amayi anabwerera kudooko.

Chaka chimene ndinamaliza Fomu 2, m'holide yaitali, mpingo unakonza sabata ya mapemphero pachitsimepo. A Bizeki ndiwo ankatsogolera. Anawerenga nkhani ija ya madzi owawa m'chipululu, ena anaponyamo nthambi ya nimu, nyimbo zinaimbidwa mpaka mawu kusasa.

Ine nthawi imeneyo ndinali pa ntchito ya amalume, kutunga madzi ku Shire pa ngolo, migolo iwiri, kupita nawo kumene ankaumba njerwa. Njira yake imadutsa kuseri kwa tchalitchi. Ndipo teremu yomweyo aphunzitsi anali atationetsa chinthu chokongola: anathira madzi amchere m'galasi, pamwamba pake n'kutsanulira pang'onopang'ono madzi wamba opaka utoto, ndipo a utotowo anangokhala pamwamba osamira, chifukwa ndi opepuka. Funso limene linkandisowetsa tulo linali lakuti, kodi za m'galasi zingachitike m'chitsime? Musandiyang'ane choncho. Munthu amene anandiphunzitsa kufunsa ndi manja mukumudziwa.

Nthawi yabwino yochita zoipa kuno si usiku, usiku agalu amauwa. Ndi masana dzuwa lili paliwombo, pamene ngakhale nkhuku zimayasama pansi pa nkhokwe. Ndinamanga lichero la amayi ndi chingwe, n'kulitsitsa kuti liyandame. Ndinalowetsa paipi mu mgolo, ndinayamwa, madzi n'kumatsikira palichero mwaulemu osavundula a pansi. Migolo yonse iwiri. Kenako ndinabwerera ku Shire kukatungira amalume, ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake kunamveka nthungululu yomwe inadzutsa ndi a kusiteshoni omwe. Mayi wina anali atatunga oti akatsukire mphika, analawa mwangozi, n'kugwa pansi. Anthu anathamanga ndi makapu. A Bizeki anafika jekete atavala chagada. Anamwa, anagwada pa njerwa zotentha zija, ndipo sanadzuke kwa nthawi yaitali.

Vuto la chozizwitsa ndi lakuti chimadya ngati mwana wa njovu. Amayi ankachitunga m'mawa, ine n'kuchidyetsa masana. Mwayi wanga, akulu a mpingo analamula kuti chitsime chizitsegulidwa m'mawa okha pambuyo pa pemphero, banja lililonse ndowa imodzi, kenako azivundikira ndi lata. Ananditchingira okha. Njerwa za amalume zinachedwa, ng'ombe zinayamba kuoneka nthiti, iwo n'kumati kapena ndi nyongolotsi. Anthu anayamba kubwera kuchokera tsidya la Ruo ndi mabotolo. M'tchalitchi munadzaza mpaka ena kukhala m'mazenera. A Ntsai anatumiza mdzukulu kuti akawatungire kapu imodzi, analawa, n'kuti, "Awa akununkha mvuu." Palibe anawamvera.

Chimene chinavuta a Bizeki chinali chaching'ono. Otunga oyamba ankapeza madzi okoma, koma omaliza ankati mukumveka kamchere. Amayi anali atamasulira kale: omalizawo ndi ochimwa, n'chifukwa chake amadzuka mochedwa. Pansi pa nimu nkhalamba inasiya kupitako.

Lamulungu limene abusa anabwera kudzayamika, mpingo wonse unazungulira chitsime. Pakati pa nyimbo a Bizeki anatulutsa m'thumba la jekete botolo la mankhwala a chifuwa. Analimangirira mwala kuti limire. Kukamwa kwake anatseka ndi chitsononkho chokhala ndi chingwe chakechake. Analitsitsa mpaka linagunda pansi, anakoka chingwe cha chitsononkho, thovu linabwera pamwamba, ndipo analikweza. Nyimbo inafa yokha vesi isanathe.

"Bambo Bizeki, mukuchita chiyani?" anafunsa abusa.

"Ndikufuna kumva za pansi, abusa."

"Inu mkulu wa mpingo, simudziwa kuti Mulungu sayesedwa?"

"Sindikuyesa Mulungu ayi. Ndikuyesa madzi."

Anamwa. Nkhope inakwinyika ngati ya mwana wolawa bwemba. Anapereka botolo kwa abusa, abusa anabisa manja kumbuyo. Anapereka kwa akulu anzawo, onse anayang'ana nsapato zawo.

"Pamwamba okoma, pansi mchere," anatero. "Amene ndimamupembedza ine sagwira ntchito yatheka. Pano pali china."

"Mwapemphera nokha, mwayankhidwa nokha, mukukana nokha!" anakuwa mayi wina. "Mukufuna tibwerere kwa ng'ona? Inu amene?"

Mawu amenewo anawalasa. Anakulunga zingwe zawo n'kupita kwawo, nsima ya abusa osaidikira.

Lolemba masana ndili pakati poyamwa paipi, ndinamva chifuwa kumbuyo kwanga. A Bizeki anali atakhala mu mthunzi wa khoma la tchalitchi, chipewa pamaondo. Anali atatsatira mapazi a ngolo. Ndinayeza mtunda wothawa, koma ng'ombe sungazithawitse.

"Pitirizani, a Sekondale. Ndione."

Ndinapitiriza. Anasuzumira m'chitsime nthawi yaitali.

"Licheroli n'lachiyani?"

"Kuti asavunduke, agogo. Akagwa mwamphamvu amasakanikirana."

"Nanga akhalira chiyani pamwamba?"

"Ndi opepuka. Amchere ndi olemera."

"Uthambi!" Bodza, ndiye kuti. "Madzi ndi madzi."

Ndinawauza kuti akaponye dzira m'madzi a botolo lawo lija ndi lina m'madzi a ku Shire, aone limene liyandame. Maso awo anawala ngati a mwana woona sitima koyamba. Analanda paipi kuti ayese okha, anayamwa mopitiriza, anatsamwa, tinaseka tonse. Kenako kuseka kunawathera.

"Tsiku loyamba lija ndinapita kumanda kumene tinaika chitenje," anatero. "Ndinamuuza mkazi wanga kuti palibenso wopita kudooko."

Ng'ombe ndi zimene zinayang'ana pansi. Ine ndinati, "Ndiye ndizingothira, agogo. Mpaka sukulu itsegulidwe. Ndikasiya lero anena kuti ndi botolo lanu."

"Anenadi."

"Nanga benchi yanu?"

Anayang'ana khoma la tchalitchi ngati akuona zenera lija kudzera m'njerwa. "Mulungu woti azithandizidwa ndi ngolo ya amalume ako si amene ndakhala ndikumupempha. Mawa usabwerenso. Ndipo lichero ukabweze kwa amayi ako, akulifuna mudzi wonse."

Mchere unabwerera, ndipo zinayenda monga tinanenera. Anthu anati Mulungu anapereka, a Bizeki anakayika, Mulungu walanda. Nkhani yake inali yosalala moti inenso ndinatsala pang'ono kuikhulupirira. Tsiku limene analengeza m'tchalitchi kuti achotsedwa pa ukulu, ndinaimirira pakati pa anyamata n'kunena zonse: ngolo, paipi, lichero. Ndinafotokoza bwino kuposa mmene ndinalembera mayeso. Mpingo unaphulika ndi kuseka. "Iwe? Wa chule m'mbale ya chopereka uja? Wakhala mneneri liti?" Wina anakumbutsa za tsiku limene ndinauza mudzi wonse kuti kusiteshoni akugawa shuga waulere. Amalume anandikwapula madzulo ake chifukwa chonama m'nyumba ya Mulungu. Ndanama kambirimbiri pa moyo wanga anthu n'kukhulupirira. Tsiku limodzi lokha limene ndinanena zoona ndi limene ndinadya chikoti. A Bizeki sanandiikire umboni. Pambuyo pake anandiuza kuti munthu wokana kulawa botolo lili m'manja mwake sangatembenuke chifukwa cha mawu a nkhalamba ndi kamnyamata kabodza.

Anasamukira ku benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira. Ankafika woyamba monga kale, ankaimba mokweza monga kale. Ndipo botolo sanalisiye. Sabata iliyonse ankalitsitsa m'chitsime chotayidwacho, lero pansi, mawa pakati, mkuja pamwamba, akulawa ndi kulavula, ana akuwaseka. Mvula itagwa, madzi osefukira atadzaza madambo, anapeza chimene ine sindinachiganizirepo: nthaka yokha imachita zimene ndinkachita ndi ngolo. Madzi a mvula amalowa n'kukhala pamwamba pa amchere, ndipo ukatunga mwaulemu, ndi kachitini osati kuponya ndowa, amakhala okoma miyezi ingapo. Anamanga mfundo pa chingwe chotungira, kuti chitini chisapitirire pamenepo, ndipo ankaisuntha mfundoyo malinga ndi zimene botolo lawauza. Imeneyo ndi miyezi imene Shire amadzaza, madzi ali bii, ng'ona zosaoneka. Amayi anayamba mmodzimmodzi kutunga. Anati Mulungu wakhululuka theka.

Pansi pa nimu aliyense anati wapambana. A Ntsai anati, "Waona? Chitsime ichi chili ndi khalidwe lake, unachita kuchikhalira pansi n'kuchiphunzira ngati mkamwini aphunzira apongozi. Ndi zathu zimenezo." A Bizeki anati ayi, lamulo la m'chitsime ndi lomwelo la m'galasi ya kusukulu ya mwanayu, ndipo akanapanda kudziwa kuti mwini wake ndi mmodzi sakanataya nthawi kutsitsa botolo. A Ntsai anawafunsa kuti nanga amene anawachotsa pa benchi ankapembedza milungu ingati. A Bizeki anangopempha fodya amene sankafwenthera n'komwe.

Funso limenelo ndi limene ndimayenda nalo mpaka lero. Tsiku lija pachitsime panali Mulungu mmodzi yekha. Yemweyo ndi amene anachititsa abusa kubisa manja, yemweyo ndi amene anachititsa a Bizeki kumwa mcherewo. Aphunzitsi anga a mphaka ndi khoswe ndikawauza amati nkhalambayo inali ya sayansi ngakhale inali yopemphera. Mwini wake akanamva akanati nkhabe, anali wa botolo chifukwa anali wopemphera. Ndinawafunsapo kamodzi akudwala ngati tsopano angalole kupempherera mzere umodzi wokha wa chimanga. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti, "Zimenezo mukayese inu, a Sekondale. Ine mpanda wanga ndafa nawo."

Pa benchi ya kutsogolo sanabwererenso. Akulu anakambiranapo, akuti, koma panafunika kuti wina anene kuti analakwitsa, ndipo kumanda kokha ndi kumene anapeza njira ina: kuwabwezera chozizwitsa chimene iwo anachikana. Mukandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi ngolo ija, ayi ndithu. Ndikanakhala ndi migolo inayi bwenzi nditathira inayi.

Dzulo ndinadutsa kuseri kwa tchalitchi masana. Njerwa ziwiri zimene a Bizeki ankakhalira zikadali pomwepo, zosanjikizana, pamwamba pake posalala. Botolo likulendewera pa mphanda pamene analisiya, mwala wake ndi chitsononkho chake, ndipo mphepo ikawomba limagunda mtengo pang'onopang'ono. Mfundo pa chingwe chotungira ili pamene anaimanga asanagone, koma mvula inatha kale ndipo palibe waisuntha. Amayi ayamba kudandaula kamchere, ena atenga kale ndowa kulowera kudooko. Mu mthunzi wa khoma ndinapeza a Ntsai, amene sanapondepo pabwalo la tchalitchi chibadwire, atakhala pansi pafupi ndi njerwazo, osazikhalira.

"Ukuyang'ana chiyani, wakuba malichero iwe?" anatero. "Tsitsa botololo. Ine zingwe ziwiri zimandisokoneza."